Mbiri ya Milange ili ku Maputo ndi ku Lisbon, eni ake ali kumudzi

Nthawi yokolola ikakwana, pa chipata cha Muloza pamadzaza njinga. Zimachokera ku Milange zitasenza matumba a chimanga ndi nandolo, ena akupalasa, ena akukankha chifukwa cha kulemera kwa katundu. Tawuni ya Milange ili makilomita ochepa chabe kuchoka pa malire, m'tsinde mwa phiri la Tumbine. Pamsika pake kwacha imayenda limodzi ndi metikali, ndipo mitengo amanenerera m'Chichewa ndi m'Chilomwe. Munthu wa kumeneko amafika msanga ku Blantyre kusiyana ndi ku Quelimane, likulu la chigawo chake cha Zambezia. Maputo ndiye kutali zedi, makilomita oposa 1,500 pamsewu.

Komatu mbiri yolembedwa ya bomali ili kutaliko. Zikalata za atsamunda zili ku Maputo ndi ku Lisbon. Mabuku ofotokoza nkhondo imene inapsereza derali analembedwa m'Chipwitikizi, m'Chifalansa ndi m'Chingerezi, ndipo amapezeka m'malaibulale a mayunivesite. Amene anaiona nkhondoyo ndi maso, amene anagona kuthengo ndi kuwoloka mtsinje wa Muloza usiku ana ali kumsana, ali m'midzi ya Milange, Mulanje ndi Phalombe, ndipo ambiri a iwo sanamvepo zimene akatswiri analemba za moyo wawo. Kafukufuku wachitika, wina wabwino kwambiri. Chimene chatsala ndi kumubweza kwa eni ake nthawi isanathe, pakuti mboni zikukalamba.

Mbiri imene eni ake akadali moyo

Akatswiri amasiyanitsa mbiri yamakedzana ndi mbiri ya posachedwapa. Yamakedzana ndi ya mafumu a Amaravi kapena ya malonda a minyanga, imene palibe wamoyo angakutsutse kuti iye analipo. Ya posachedwapa ndi yovuta, chifukwa amene ukumulemba akhoza kukhala mnansi wako, nduna ya boma, kapena mkulu wa mpingo amene adzakhala kutsogolo Lamulungu likubwerali. Mayiko ena anaona kuti ntchito yotere imafuna bungwe lakelake. Ku Germany, mu 1949, anakhazikitsa bungwe la Institut für Zeitgeschichte mumzinda wa Munich kuti lifufuze ulamuliro wa chipani cha Nazi pamene ozunza ndi ozunzidwa anali akuyendabe m'misewu imodzi. Bungweli silinatsekere zimene linapeza m'makabati. Akatswiri ake ankapereka umboni m'makhoti, ndipo kuyambira 1999 limayang'anira malo ophunzitsira anthu ku Obersalzberg, kumene Adolf Hitler anali ndi nyumba. Mu January 2016 linasindikiza buku la Hitler, Mein Kampf, lili ndi ndemanga zoposa 3,500 zoonetsa pamene ananama, ndipo anthu wamba analigula mwaunyinji. Ku Portugal nako kuli Instituto de História Contemporânea pa yunivesite ya Nova ku Lisbon, ndipo zikalata za apolisi achinsinsi a atsamunda, a PIDE, zinatsegulidwa mu 1994 ku Torre do Tombo.

Ku Mozambique ntchitoyi inagawikira mabungwe angapo. Pali Arquivo Histórico de Moçambique, nkhokwe ya zikalata za dziko, imene inayamba mu 1934 ndipo tsopano ili pansi pa yunivesite ya Eduardo Mondlane. Pali ARPAC, bungwe la boma lofufuza za chikhalidwe, limene limajambula mawu a akuluakulu m'zigawo. Pali IESE, bungwe loima palokha limene linayamba mu 2007 ndipo limaika zolemba zake pa intaneti kwaulere. Koma kholo la onse pa nkhani ya mbiri ya posachedwapa ndi Centro de Estudos Africanos, nthambi ya yunivesite ya Eduardo Mondlane imene inatsegulidwa mu 1976, dziko litangolandira ufulu.

Akatswiri amene anapita kumudzi

Mtsogoleri wa nthambiyi anali Aquino de Bragança, mtolankhani wobadwira ku Goa komanso mlangizi wa Pulezidenti Samora Machel. Woyang'anira kafukufuku anali Ruth First, mayi wa ku South Africa amene anathawa ulamuliro wa tsankho. Njira yawo inali yotuluka mu ofesi. Ankatenga ophunzira ndi ogwira ntchito m'boma kupita nawo m'midzi kwa masabata angapo, kukafunsa alimi ndi anthu amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni. Ku Zambezia anafufuza za ulimi wa thonje ku Lugela, boma loyandikana ndi Milange, komanso za minda ya tiyi ya kumtunda kwa chigawochi.

Mu 1980 Bragança anayambitsa gulu la Oficina de História, momwe munalinso katswiri wa ku Congo Jacques Depelchin ndi wa ku Mozambique Yussuf Adam. Gululi linkapita ku Mueda, m'chigawo cha Cabo Delgado, kukamva kwa alimi ndi asilikali akale momwe moyo unalili m'madera amene Frelimo inkalamulira pa nthawi ya nkhondo ya ufulu. Mu 1983 linayamba kutulutsa kamagazini kotchedwa Não Vamos Esquecer!, kolembedwa mosavuta kuti aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'mafakitale awerenge ndi kutumiza nawonso zimene ankakumbukira. Cholinga chinali chakuti wofunsidwa asangokhala gwero la nkhani, akhalenso woiwerenga ndi woitsutsa.

Zimene anamva ku Mueda sizinafanane kwenikweni ndi zimene chipani chinkalalikira pa misonkhano. Anthu anafotokoza mikangano, kukondera ndi zokhumudwitsa. Mu 1986 Bragança ndi Depelchin analemba nkhani yochenjeza kuti kulemba mbiri yongotamanda Frelimo kukubisa zolakwa zimene zinkafunika kukonzedwa. Ntchito yawo inadulidwa ndi imfa ziwiri. Pa 17 August 1982 Ruth First anaphedwa ndi bomba limene apolisi achinsinsi a ku South Africa anamutumizira m'kalata, ali mu ofesi yake pa yunivesite. Pa 19 October 1986 Bragança anafera limodzi ndi Samora pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Pofika nthawi imeneyo nkhondo inali itatseka misewu, ndipo kupita kumudzi ndi chojambulira mawu kunali kuika moyo pachiswe.

Patapita zaka zambiri, katswiri wina wa ku yunivesite yomweyo, João Paulo Borges Coelho, anafotokoza vutoli momveka mu nkhani ya mu 2013. Iye anati mbiri ya posachedwapa ya Mozambique inasanduka nkhani imodzi yokhazikika ya kumasula dziko, yoyambira pa chipolopolo choyamba ku Chai pa 25 September 1964 ndi kuthera pa ufulu wa 25 June 1975, ndipo chipani ndicho chimaisunga. Milange salowa bwino m'nkhani imeneyi, ndiye chifukwa chake kwa nthawi yaitali anangokhala m'mphepete mwa mabuku.

Boma limene mbiri yake siyenda mzere umodzi

Malire amene amadutsa pa Muloza anadulidwa ndi mgwirizano wa Britain ndi Portugal wa pa 11 June 1891, ndipo anagawa anthu a mtundu umodzi. M'zaka zotsatira Alomwe ochuluka anawoloka kuthawa msonkho, chibalo ndi chikwapu cha Apwitikizi, nakalowa thangata m'minda ya azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu. Mbali zonse ziwiri za malire kunabzalidwa tiyi. Leroy Vail ndi Landeg White, amene onse anaphunzitsapo ku yunivesite ya Malawi, analemba za nyengo imeneyi m'buku la mu 1980, Capitalism and Colonialism in Mozambique, ndipo umboni wawo wina anautenga m'nyimbo zimene ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ankaimba ponyoza akapitawo.

Mu 1964 Frelimo inayesa kuyambitsa nkhondo ku Zambezia, ndipo m'modzi mwa otsogolera anali Bonifácio Gruveta, amene pambuyo pake anakhala bwanamkubwa woyamba wa chigawochi. Zinakanika msanga. Zida ndi asilikali zinkayenera kudzera ku Malawi, koma boma la Dr Kamuzu Banda linali pa ubale ndi Apwitikizi, moti Jorge Jardim, mpondamatiki wa ku Beira, anali kazembe wapadera wa Malawi mumzindawo. Frelimo inabwereranso ku Zambezia mu 1974 basi, nkhondo ili pafupi kutha. Choncho pamene chipani chinatenga boma, ku Zambezia chinafika ngati mlendo, ndipo nacho chinkawakayikira anthu a kumeneko.

Kenaka kunabwera Carico. Ku Malawi, mpingo wa Mboni za Yehova unaletsedwa mu 1967, ndipo Mboni zinkamenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba chifukwa chokana kugula makadi a chipani cha MCP. Zikwizikwi zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, zina n'kukakhazikika ku Carico, m'boma la Milange. Mu 1975 ndi 1976 boma latsopano la Frelimo nalo linagwira Mboni za m'dziko mwake chifukwa chokana kufuula mawu a chipani, n'kuzitumiza ku Carico komweko. Anthu ochokera kum'mwera kwenikweni kwa Mozambique anakumana m'nkhalango ndi Amalawi, onse olangidwa pa mlandu wofanana ndi maboma awiri amene sankamwerana madzi. Nkhaniyi ndi ya mayiko onse awiri, koma mwana wa sukulu wa ku Mulanje kapena wa ku Milange sangaipeze m'buku lake la kalasi.

Ngakhale nkhondo yapachiweniweni, imene ambiri amangoti ya Frelimo ndi Renamo, ku Milange inayamba mwa mtundu wina. Sérgio Chichava wa ku IESE, amene digiri yake ya udokotala ku Bordeaux mu 2007 inali ya ndale za Zambezia, anaonetsa kuti Renamo isanafike m'derali kunali kale gulu lina la zida, Partido Revolucionário de Moçambique, limene anthu ankalitchanso África Livre. Analiyambitsa Amós Sumane, yemwe kale mu 1968 anatsogolera chipani cha UNAR ku Malawi, chofuna dziko lapadera pakati pa mitsinje ya Rovuma ndi Zambezi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 gululi linkaukira midzi imene boma linakakamiza anthu kukhalamo pamodzi, ndipo linkalamula eni ake kuyatsa okha nyumbazo, mpaka anthu anangolitcha Wotcha Wekha. Mu 1982, lili pansi pa Gimo Phiri, linaphatikizana ndi Renamo. Patapita zaka zisanu Phiri anapatukanso n'kuyambitsa gulu la UNAMO, limene linamenyana ndi Renamo yomweyo.

Zimenezi zikupezeka m'buku la mu 2018, The War Within, limene anakonza Eric Morier-Genoud, Michel Cahen ndi Domingos do Rosário. Phindu la bukuli ndi lakuti silinakhutire ndi mawu akuti nkhondo inabwera ndi Rhodesia ndi South Africa, ngakhale mayikowo anaipezeradi zida ndi maphunziro. Linafunsa chifukwa chimene motowo unagwirira msanga m'maboma ena. Ku Milange yankho lake likukhudza midzi yokakamiza, mafumu amene boma linawalanda ulemu powatcha zidole za atsamunda, ndi kusowa kwa katundu m'masitolo pamene tsidya lina la mtsinje sopo ndi mchere zinalipo.

Chaka cha 1986

Pa 11 September 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzamuuza Dr Banda pamaso kuti dziko lake likusunga Renamo. Boma la Malawi linakana. Atabwerera kwawo, Samora anaopseza kuti atseka malire ndi kuika mizinga moyang'ana ku Malawi. Masabata otsatira Renamo inasefukira m'zigawo za Zambezia ndi Tete n'kulanda matawuni angapo a m'malire, kuphatikizapo Milange. Anthu anawoloka Muloza mwaunyinji, pamodzi ndi ogwira ntchito m'boma ndi asilikali. Asilikali a boma anailandanso tawuniyo mu 1988, itasanduka mabwinja, ndipo minda yake ya tiyi sinabwererenso mwakale.

Pofika 1992 Malawi inkasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, m'dziko limene kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ena anali m'misasa monga ya Muloza, Chiringa ndi Mankhokwe ku Nsanje. Ena ambiri analandiridwa ndi abale awo m'midzi, napatsidwa malo olima ndi mafumu. Mlangizi wa boma la America, Robert Gersony, anacheza ndi othawa pafupifupi 200 m'mayiko angapo, ndipo lipoti lake la mu April 1988 linati Renamo iyenera kuti inali itapha anthu wamba okwana 100,000. Lipotilo linasintha maganizo a andale ku Washington. Amene anapereka umboniwo sanaliwerenge.

Chakumapeto kwa nkhondo kunabuka Anaparama, gulu la alimi lotsogozedwa ndi Manuel António, mnyamata amene ankati anafa n'kuuka. Ankatemera anyamata mphini kuti chipolopolo chisalowe, ndipo iwo ankapita ku nkhondo ndi mikondo ndi zikwanje, nalanditsa midzi yambiri m'manja mwa Renamo mpaka iye anaphedwa mu December 1991. Corinna Jentzsch anacheza ndi anthu mazanamazana m'maboma a Zambezia ndi Nampula, n'kulemba buku la Violent Resistance mu 2022. Chaka chomwecho dzina la Anaparama linamvekanso ku Cabo Delgado, ndipo pa zipolowe zotsatira chisankho cha October 2024 linamvekanso ku Morrumbala, kum'mwera kwa Milange, pamene anthu zikwi zingapo anathawiranso ku Nsanje. Achinyamata amene akutenga dzinali lero akulitenga m'nkhani za m'maluwa. Zimene kafukufuku anapeza, kuti gululi linayamba ngati chitetezo cha midzi koma m'madera ena linadzasanduka lolanda katundu, sizinawafike.

Theka lina lili ku Malawi

Katswiri wochokera ku Maputo akafika pa chipata cha Muloza, kawirikawiri chilolezo chake cha kafukufuku ndi ndalama zake zimathera pomwepo. Wa ku Zomba nayenso amathera tsidya lino. Komatu moyo wa anthu a ku Milange m'zaka za 1986 mpaka 1994 unachitikira ku Malawi. Ana anabadwira ku zipatala za ku Mulanje, anabatizidwa m'mipingo ya kuno, anaphunzira m'sukulu za m'misasa. Mayina awo ali m'mabuku a maparishi, m'makaundula a bungwe la Red Cross limene linkagawa ufa ndi nyemba, ndi m'mafayilo a maofesi a DC. Zina mwa izi zikhoza kukhala ku National Archives of Malawi ku Zomba, zina zikudyedwa ndi chiswe m'zipinda zosungiramo katundu.

Amalawi nafenso tili ndi mbali yathu ku Mozambique. Kuwonjezera pa Mboni za ku Carico, pali Apayoniya amene anathawira tsidya lija mu December 1993 asilikali atawalanda zida pa Operation Bwezani. Pali asilikali athu amene kuyambira 1987 ankalondera njanji ya ku Nacala, ena osabwerako. Palinso funso limene mpaka lero limayankhidwa monong'ona: kodi boma la Kamuzu linathandiza Renamo mpaka pati, ndipo ndani ankadziwa? Yankho lake silingapezeke m'dziko limodzi.

Chitsanzo chakuti zimatheka chilipo. Harri Englund anakhala m'midzi ya m'malire a Dedza ndi Angónia, akuyankhula Chichewa, n'kulemba buku la From War to Peace on the Mozambique-Malawi Borderland mu 2002. Anapeza kuti kawirikawiri munthu ankagwera mbali ya Frelimo kapena ya Renamo malinga ndi mikangano ya ufumu, ya malo ndi ya pabanja imene inalipo kale nkhondo isanafike. Mfundo yotere sungaipeze m'zikalata za ku likulu. Imatuluka pokhapokha wofufuza akakhala pakhonde nthawi yaitali, mbali zonse ziwiri za malire.

Mtengo wa kukhala chete

Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama atasainirana mtendere ku Rome pa 4 October 1992, nyumba ya malamulo inakhululukira milandu yonse ya nkhondo. Sikunakhale bungwe lofufuza choonadi ngati la ku South Africa, ngakhale bwalo lopepesa ozunzidwa ngati limene Malawi inakhazikitsa ulamuliro wa chipani chimodzi utatha. Anthu anabwerera kumudzi, asing'anga ndi mipingo anasambitsa anyamata amene anagwira mfuti, ndipo mudzi unagwirizana kuti zapita zapita. Ofufuza monga Alcinda Honwana ndi Victor Igreja alemba zambiri za miyambo imeneyi. Igreja anaonetsanso kuti ku Gorongosa zimene pakamwa panakana kunena zinkatulukira m'mizimu ya asilikali akufa, imene inkagwira anthu ndi kuulula zimene zinachitika.

Choncho amene akufuna kubweza mbiri ku Milange asaganize kuti ndi nkhani yongonyamula mabuku. M'mudzi umodzi muli amene anatengedwa ali mwana kukasenza katundu wa asilikali a Renamo, muli amene anawalozera njira, muli mayi amene anabwerako ndi mwana wa msilikali, ndipo ana awo anakwatirana. Kutchula dzina pagulu kukhoza kupasula banja. Ndale nazo sizinazizire. Zambezia inavotera Renamo kwambiri pa chisankho choyamba cha 1994, ndipo kufunsa za nkhondo kumamveka msanga ngati kukopa anthu a chipani. Wofufuza wanzeru amayamba wafika kwa mfumu, amafotokoza bwino kumene mawuwo akupita, amabisa mayina, ndipo amalemekeza amene wasankha kusayankhula.

Koma kukhala chete nako kuli ndi mtengo wake. Anthu ochuluka ku Milange lero anabadwa mtendere utabwera kale. Akapanda kumva nkhani yonse kwa akuluakulu ndi kwa ofufuza, amamva zidutswa kwa andale pa nthawi ya kampeni, aliyense akusankha maliro amene akumukomera. Ku Mozambique mfuti zinaliranso pakati pa 2013 ndi 2016, ndipo panafunika mgwirizano wina wa mtendere mu August 2019. Kusakamba za nkhondo sikunaletse ina kuyambika.

Njira zobwezera zilipo kale

Wofufuza amene amatenga mawu a anthu n'kukawasindikiza kunja osabwerera ali ngati mwana wotumidwa kuchigayo amene sabwera ndi ufa. Mabungwe ena ayesetsa. Colin Darch, amene anagwirapo ntchito ku Centro de Estudos Africanos, anaika pa intaneti nkhokwe ya Mozambique History Net, momwe muli zikwizikwi za nkhani zodulidwa m'manyuzipepala a nthawi ya nkhondo, ndipo aliyense akhoza kuwerenga kwaulere. IESE imatulutsa timapepala tachidule totchedwa IDeIAS kuti atolankhani ndi aphungu asavutike ndi mabuku aakulu. Zonsezi ndi zabwino, koma zimafuna Chipwitikizi kapena Chingerezi, foni yamakono ndi ndalama ya bandulo. Gogo wa kumudzi ku Milange alibe zitatu zonsezi.

Chimene ali nacho ndi wailesi. Ku Milange kuli Rádio Comunitária Thumbine, imodzi mwa mawailesi a m'madera amene anayamba ndi thandizo la UNESCO, ndipo mawailesi a ku Malawi amamvekanso bwino tsidya lija. Englund yemweyo analemba buku lathunthu la pulogalamu ya Nkhani za m'Maboma ya pa MBC, kuonetsa momwe anthu wamba amagwiritsira ntchito wailesi kudzudzula amphamvu popanda kutchula munthu dzina. Luso lomwelo lingagwire ntchito pa mbiri. Mutu umodzi wa Chichava utafotokozedwa m'Chichewa ndi m'Chilomwe kwa mphindi makumi awiri, kenaka n'kutsegula mafoni, omvera angauwonjezere zimene palibe chikalata chinasunga.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, poganiza kuti kufikira anthu ndi chifundo chimene katswiri amachita akamaliza ntchito yeniyeni. Zikalata zimene ofufuza amadalira zinalembedwa ndi mabwanamkubwa, apolisi ndi alembi a chipani, anthu amene ankalembera mabwana awo ndipo nthawi zina sankamva n'komwe chiyankhulo cha m'deralo. Lipoti likati anthu a mudzi wakutiwakuti anathandiza adani, ndi eni mudzi okha angafotokoze ngati anapereka ufa mwa kufuna kwawo kapena mfuti ili pakhosi. Kuwerengera anthu zimene zinalembedwa za iwo ndi njira yoyesera ngati zolembedwazo zili zoona. A Oficina de História anazindikira zimenezi zaka zoposa makumi anayi zapitazo.

Khomo lachiwiri ndi sukulu. Kuyambira 2004 maphunziro a pulayimale ku Mozambique anapatula gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi ya kalasi kuti likhale la zinthu za m'dera, ndipo Chinyanja ndi Chilomwe zili m'gulu la ziyankhulo zololedwa kuphunzitsira. Mpata ulipo, chosowa ndi zoti mphunzitsi agwire m'manja. Kabuku ka masamba makumi atatu kofotokoza malire a 1891, minda ya tiyi, Carico, kuthawa kwa 1986, kubwerera kwa 1993 ndi 1994, ndi kugumuka kwa phiri la Tumbine mu January 1998 kumene kunapha anthu ambiri, kangagwire ntchito ku Milange ndi ku Mulanje komwe, chifukwa chiyankhulo ndi chimodzi. Ku Malawi tili ndi poyambira. Kwa zaka zambiri ophunzira a mbiri ku Chancellor College ankatumidwa kwawo pa tchuthi kukafunsa akuluakulu ndi kulemba zimene amva, ndipo mapepala awo akuthandizabe ofufuza mpaka lero. Mwambo wa Mulhako wa Alhomwe umasonkhanitsa khamu pa Chonde chaka ndi chaka, ndipo pambali pa magule pangakhale tenti yojambuliramo mawu a amene akufuna kusiya umboni wawo.

Malamulo nawo anatsegula zitseko zimene kale zinali zokhoma. Mozambique inakhazikitsa lamulo la ufulu wopeza nkhani mu 2014, ndipo la Malawi linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Ofufuza ndi atolankhani angawagwiritse ntchito kupempha mafayilo a m'ma 1980, ngakhale aliyense amene anayesapo akudziwa kuti lamulo papepala ndi fayilo m'manja ndi zinthu ziwiri.

Zofunika kuyamba nazo si zodula. Yunivesite ya Licungo ku Quelimane ndi yunivesite ya Malawi ku Zomba zikhoza kugwirizana kuti ophunzira awo oyankhula Chichewa ndi Chilomwe azigwira ntchito awiriawiri, wina wa tsidya lino wina wa tsidya lija, ndi chilolezo chowoloka malire. Mawu ojambulidwa asungidwe m'malo atatu: ku Maputo, ku Zomba, ndi ku Milange kwenikweniko, ku wailesi kapena kusukulu ya sekondale, kumene mdzukulu wa wofunsidwayo angapite wapansi kukamvera. Bungwe lililonse lopereka ndalama za kafukufuku m'derali liike m'pangano kuti zotsatira zake zidzamasuliridwa ndi kukawerengedwa kumene zinatengedwa. Ndipo oyamba kufunsidwa akhale akuluakulu, chifukwa munthu amene anali ndi zaka 30 pamene Wotcha Wekha ankayatsa midzi tsopano wapitirira zaka 70, ndipo amene anaona za 1964 atsala owerengeka.